Dola ili m'foni, makiyi ali ku boma

Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku limene a Zambia ankasankha pakati pa Edgar Lungu ndi Hakainde Hichilema, WhatsApp inazima dzuwa lili pamutu. Facebook, Messenger ndi Twitter nazonso zinakana kutseguka. Ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama anthu anali adakali pamizere yovotera. Bungwe la Chapter One Foundation linathamangira kukhoti, ndipo khoti lalikulu la mu Lusaka linalamula ZICTA, bungwe la boma loyang'anira mafoni ndi intaneti, kuti anthu asatsekerezedwe. Posakhalitsa mauthenga anayambanso kuyenda.

Ambiri amaikumbukira nkhaniyi ngati ya chisankho basi. Anyamata amene amasunga tindalama tawo mu crypto anayenera kuimva mwina. Iwo anauzidwa kuti ndalama za pa intaneti zilibe mwini, zilibe banki, ndipo palibe nduna ingazigwire. Tsikulo linaonetsa kuti pali dzanja limene lingathe kutseka khomo mu ola limodzi, popanda kupempha chilolezo kwa amene ali m'katimo.

Crypto ya m'komboni

Munthu wa ku George kapena ku Mtendere sagula bitcoin mu ofesi yagalasi. Amayambira pakabokosi ka Airtel Money kapena MTN MoMo, kaja kopakidwa utoto wofiira kapena wachikasu kamene kali pangodya iliyonse, pafupi ndi kantemba ndi mayi wogulitsa makala. Amapereka makwacha m'manja, amalandira uthenga wakuti ndalama zalowa m'foni. Kenako amatsegula pulogalamu ya kampani yosinthitsa crypto, monga Binance. Pa Binance ambiri amadzera njira ya P2P: pamakhala mndandanda wa anthu ogulitsa, aliyense ndi mtengo wake. Wogula akasankha mmodzi, kampani imagwirizira katunduyo pakati, iye amatumiza makwacha ku nambala ya wogulitsayo, ndipo wogulitsa akavomereza kuti walandira, kampani imamasula katundu. Ntchito yaikulu ya kampaniyo ndi kukhala mboni pakati pa anthu awiri osadziwana.

Chimene chimafunidwa kwambiri pamsika umenewu si bitcoin, imene mtengo wake umadumphadumpha. Ndi USDT, ndalama ya kampani ya Tether yomwe inamangiriridwa ku dola ya ku America: imodzi kwa imodzi. Woitanitsa mafoni ku China amaifuna. Wokatenga katundu ku Nakonde amaifuna. Amene mlongo wake ali ku Johannesburg kapena ku London amalandirirapo thandizo la lendi. Ndiye pali ena amene safuna kugula kalikonse, angotopa kuona ndalama ya chilimba imene analandira mu Januwale ikulephera kugula mu Disembala zimene ikanagula poyamba.

Kutopa kumeneku kuli ndi manambala ake. Pamene boma linachotsa maziro atatu pa kwacha mu Januwale 2013, dola imodzi inali pafupifupi K5. Mu 2015 inadutsa K10. Pakati pa 2021 inali pamwamba pa K22. Hichilema atapambana, kwacha inalimba mofulumira mpaka cha m'ma K16, ndipo amene anali atabisala mu dola analira. Mu 2024 dola inadutsa K27. Munthu wogula unga wa pamela madzulo aliwonse safuna katswiri womufotokozera tanthauzo la zimenezi.

Choncho tikamakamba za kugwa kwa msika m'makomboni a Lusaka, pali kugwa kuwiri. Kwina ndi kwa bitcoin, kumene kumachitikira kutali. Kwina ndi kwa kwacha, kumene kumafika mu poto. Ndale zimalowerera mosiyana pa kugwa kulikonse, ndipo koopsa kwa wamalonda wa m'foni ndi kwachiwiriku.

Sichiloledwa, sichiletsedwa

Mu Okutobala 2018, Bank of Zambia inatulutsa chenjezo lakuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dzikomo, kuti banki yaikuluyo siiyang'anira, ndipo woigwiritsa ntchito akataya chuma asayembekeze kothawira. Mwezi womwewo, Drug Enforcement Commission inagwira akuluakulu a kampani ya Heritage Coin Resources pa mlandu wokhudza ndalama zoposa K28 miliyoni zimene anatolera kwa anthu powalonjeza phindu lalikulu m'dzina la crypto. Chenjezo la banki linali ndi chifukwa chomveka. Amene amalowa m'misampha yotere kawirikawiri si olemera a ku Kabulonga; ndi aphunzitsi, anamwino, amayi a m'magulu osunga ndalama, ena mpaka kukatenga kaloba kuti asaphonye mwayi.

Koma taonani pamene mawu a banki anasiya anthu. Sanaletse kugula, sanaletse kugulitsa, sanalolezenso. Malonda anapitirira pabwalo limene mwini wake wangoti, khalani, koma musadzati ndinakuitanani. Malo otere amakoma kunja kukacha bwino. Vuto lake ndi lakuti amene sanakupatse chilolezo safunika chifukwa chachitali kuti akuchotse. Kalata imodzi yopita ku mabanki ndi kumakampani a mafoni, yowauza kuti asiye kutumikira osinthitsa crypto, ingakwanire, chifukwa makampani amenewo amadya ndi malaisensi amene Bank of Zambia ndi ZICTA amapereka.

Mu Febuluwale 2023, Felix Mutati, nduna ya zaukadaulo ndi sayansi, ananena kuti banki yaikulu pamodzi ndi Securities and Exchange Commission akuyesa njira zoyendetsera crypto. Anyamata a pa intaneti anaomba m'manja. Mawu a nduna amasangalatsa, koma nduna zimasinthidwa, ndipo mawu amene sanalembedwe m'lamulo amapita nazo.

Katondo Street inaona kale zimenezi

Amene anakulira mu Lusaka amadziwa kuti msika wa dola wosadzera kubanki sunabwere ndi foni. Katondo Street, pakati pa tauni, inatchuka kalekale ndi anyamata osintha ndalama chamseri. Mu nthawi ya Kenneth Kaunda, kukhala ndi dola popanda chilolezo kunali kuswa lamulo, ndipo aliyense wofuna ndalama zakunja ankadikira chisomo cha banki yaikulu. Mu Okutobala 1985 boma linayamba kugulitsa madola pa okushoni ya mlungu ndi mlungu, motsatira uphungu wa IMF. Kwacha inagwa chagada, mitengo inauluka, ndipo mu Disembala 1986 ku Copperbelt kunabuka zipolowe za unga. Mu Meyi 1987 Kaunda anasiyana ndi IMF n'kuthetsa okushoniyo. Vuto la madola silinathe. Boma linangotseka malo amene mtengo weniweni unkaonekera.

Frederick Chiluba anatsegula zitseko: mabyuro osintha ndalama analoledwa mu 1992, ndipo malamulo oletsa kusunga ndi kutumiza ndalama zakunja anachotsedwa mu 1994. Koma chilakolako chogwira dola pakhosi chimabwerera boma lililonse likapanikizika. Mu 2012, pansi pa Michael Sata, lamulo la Statutory Instrument 33 linaletsa kutchula mitengo m'madola m'dzikomo. Linachotsedwa mu Malichi 2014 kwacha ikutsetsereka. Pa 18 Okutobala 2015 Lungu anaitanitsa tsiku la mapemphero ndi kusala kudya, mabala atatsekedwa ndipo mpira utaimitsidwa, nkhawa yaikulu ili pa chuma ndi kwacha. (Palibe cholakwika ndi kupemphera, koma ngongole za boma za Eurobond sizinapite kutchalitchi tsiku limenelo.) Mu Ogasiti 2020 Lungu yemweyo anachotsa Denny Kalyalya pa udindo wa gavanala wa banki yaikulu n'kuikapo Christopher Mvunga, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kugwa m'ngongole m'nyengo ya Covid-19. Hichilema anabwezera Kalyalya pampando mu 2021. Mu 2024, kwacha itafookanso, Bank of Zambia inabweretsa maganizo a malamulo oletsa kulipirana m'ndalama zakunja pa malonda a m'dziko, okhala ndi zilango zofika pa ndende.

Zipani zinasinthana, UNIP, MMD, PF, UPND, koma khalidwe lake n'limodzi. Ndalama ya dziko ikamagwa, boma limayang'ana amene akulengeza mtengo wa dola. Dzulo anali mnyamata wa pa Katondo ndi mpukutu wake m'thumba. Lero mtengo umenewo uli pa foni ya aliyense amene watsegula P2P, ukusintha mphindi iliyonse, ndipo palibe gavanala amene anauvomereza.

Zimene zinachitika ku Abuja

Pofuna kudziwa mmene boma lopanikizika limachitira ndi msika wa crypto, Nigeria ndiyo inaonetsa poyera. Mu Febuluwale 2021 banki yaikulu ya kumeneko inaletsa mabanki kugwira ntchito ndi makampani a crypto. Malonda sanafe, anasamukira ku P2P, n'kukula. Chiletsocho chinachotsedwa mu Disembala 2023, ndipo anthu anayesa kuti nkhondo yatha.

Koma naira inali ikugwa. Bola Tinubu atatenga boma mu 2023 anaimasula kuti msika uipatse mtengo, ndipo kuchoka cha m'ma 460 pa dola, pofika Febuluwale 2024 inali itadutsa 1,500. Chakudya chinakwera, anthu anayamba kudandaula m'misewu. A Nigeria ambiri ankadziwa mtengo wa dola wa tsikulo poyang'ana pa Binance. Bayo Onanuga, mlangizi wa pulezidenti, anadzudzula kampaniyo kuti yalanda ntchito ya banki yaikulu yoika mtengo wa naira. Gavanala Olayemi Cardoso ananena kuti madola 26 biliyoni anadutsa pa Binance ku Nigeria m'chaka chimodzi kuchokera kwa anthu osadziwika bwino. Masamba a pa intaneti a Binance ndi makampani ena anatsekedwa. Akuluakulu awiri a kampaniyo, Tigran Gambaryan ndi Nadeem Anjarwalla, anapita ku Abuja kukakambirana ndi boma, ndipo pa 26 Febuluwale anatsekeredwa. Anjarwalla anathawa mwezi wotsatira. Gambaryan, nzika ya America yemwe kale anali wofufuza milandu ya misonkho m'boma la dziko lake, anakakhala kundende ya Kuje, akudwala, mpaka anamasulidwa mu Okutobala 2024. Binance inali itasiya kale malonda onse a naira mu Malichi.

Kodi naira inachira? Inalimbako kwa milungu ingapo, pamene banki yaikulu inalinso kukweza chiwongoladzanja mwamphamvu, kenako inabwereranso cha m'ma 1,500. Boma linali ndi mfundo zina zoona: pamsika wopanda woyang'anira, anthu ochepa okhala ndi ndalama zambiri angathe kukankha mtengo, ndipo ndalama zakuba zimadutsamo mosavuta. Koma njala ya madola ku Nigeria inachokera ku mafuta osakwanira kugulitsa kunja ndi ku ndalama zambiri zimene boma linakongola ku banki yaikulu m'zaka za m'mbuyo. Binance inali chabe malo amene njalayo inkaonekera, ndipo inali yosavuta kuimenya chifukwa ilibe ovota.

Tsidya la Zambezi, ku Zimbabwe, nkhani yake n'njofanana. Mu Novembala 2017, asilikali akuchotsa Robert Mugabe, bitcoin pa msika wa Golix ku Harare inkagulidwa pafupifupi kawiri mtengo wa kunja, chifukwa anthu analibe njira ina yotulutsira chuma chawo. Mu Meyi 2018 Reserve Bank of Zimbabwe inalamula mabanki kuti asiyane ndi makampani a crypto. Golix inapita kukhoti lalikulu n'kupambana, koma chigamulo sichinaibwezere moyo wake wakale. Kampani yosinthitsa ndalama imene mabanki akuiopa ili ngati yatsekedwa kale. Mu Juni 2020, dola ya Zimbabwe ikugwa, boma linalengeza kuti likuimitsa malonda a ndalama za pa foni, EcoCash ili patsogolo, pamodzi ndi msika wa masheya wa ku Harare, pozinena kuti zikuwononga ndalama ya dziko. Msika wa masheya unakhala wotseka mwezi wopitirira. Ngati boma lingatseke msika wa masheya umene uli ndi lamulo lake ndi maloya ake, pulogalamu ya m'foni ya mnyamata wa ku Kalingalinga ingaliletse chiyani?

Pamene bitcoin ndiyo yagwa

Kugwa kwinako kuli ndi eni ake ena. Mu Novembala 2021 bitcoin inafika pafupifupi madola 69,000. Chaka chimodzi pambuyo pake inali cha m'ma 16,000. Pakatipo, mu Meyi 2022, ndalama ya TerraUSD, imene inkalonjezanso kukhala yofanana ndi dola, inasungunuka m'masiku ochepa. Mu Juni kampani ya Celsius inaletsa makasitomala kutapa ndalama zawo. Pa 11 Novembala FTX, imodzi mwa misika ikuluikulu padziko, inadzilengeza kuti yagwa, zitadziwika kuti ndalama za makasitomala zinali kugwiritsidwa ntchito ndi kampani ina ya mwini wake, Sam Bankman-Fried. Mu Malichi 2024 iye anagamulidwa zaka 25 kundende.

Apa amene anatseka khomo poyamba si boma, ndi makampani eni ake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo; ndalama imene ikuoneka pa pulogalamu ya kampani ili pachala. Mlandu wa FTX unakambidwa kukhoti la ku Delaware, mu Chingelezi cha maloya, ndipo wa ku Matero amene anali ndi madola 80 m'menemo analibe ofesi mu Lusaka yokagogodapo. Bank of Zambia inali itanena kale mu 2018 kuti si zake.

Boma limene linalowerera ndi la ku Washington. Mu Novembala 2023 Binance inavomera kulipira boma la America madola 4.3 biliyoni pa milandu yokhudza kusatsata malamulo oletsa kubisa ndalama zakuba, ndipo mwini wake Changpeng Zhao anatula pansi udindo n'kukakhala m'ndende miyezi inayi. Tether nayo ili ndi mphamvu youmitsa USDT ya munthu aliyense, ndipo imachita zimenezi apolisi ndi maboma, makamaka a ku America, akaipempha. Ndiye kuti dola ya m'foni ili ndi mabwana awiri: wina ali pa Cairo Road, ku Bank of Zambia, wina ali kutsidya kwa nyanja, ndipo wachiwiriyu sitimuvotera.

Makomo ang'onoang'ono

Boma silisowa kulengeza chiletso kuti msika uchepe. Kuyambira Januwale 2024, kutumiza ndalama pa foni ku Zambia kuli ndi msonkho wake, ndipo malonda ambiri a P2P amadutsa pamenepo. Simu iliyonse inalembetsedwa ndi chitupa cha mwini wake, choncho amene amayesa kuti akugula mobisala amasiya dzina pa sitepe iliyonse. Mu Epulo 2025 Hichilema anasainira malamulo atsopano a chitetezo cha pa intaneti, olowa m'malo mwa lamulo la 2021 limene iye mwini ankalidzudzula ali kotsutsa, ndipo maloya ndi mabungwe adandaula kuti akupereka mphamvu zambiri zomvetsera mauthenga a anthu. Ndiye pali magetsi. Mu 2024 chilala chinaumitsa Kariba, ndipo m'madera ena a Lusaka malaiti a Zesco ankabwera maola atatu okha pa tsiku. Msika ukamagwa usiku foni ili yozima, ufulu wogulitsa nthawi iliyonse umakhala wa amene ali ndi sola. Chodabwitsa n'chakuti m'dziko lomwelo, ku Ikelenge, makompyuta a kampani ya Gridless ankakumba bitcoin ndi magetsi otsala a pa damu laling'ono la Zengamina, usana ndi usiku.

Maganizo anga ndi akuti Zambia ikufunika lamulo lomveka pa makampani amenewa, ndipo lilembedwe mitima ili pansi. South Africa, itapsa ndi chinyengo cha Mirror Trading International mu 2020, inalengeza mu Okutobala 2022 kuti crypto ndi katundu wa zachuma woyenera kuyang'aniridwa, n'kuyamba kupereka malaisensi. Laisensi imamanga mbali zonse ziwiri: kampani imakakamizidwa kusunga ndalama za makasitomala padera, ndipo boma likafuna kuilanda liyenera kupereka chifukwa chimene woweruza angachiyese. Chiletso cha mwadzidzidzi chimachotsa mboni ija yapakati n'kusiya malonda akupitirira m'magulu a WhatsApp ndi Telegram, kumene wotumiza ndalama poyamba amangodalira chikumbumtima cha munthu amene sanamuonepo. Wokhala ndi akaunti ya madola kubanki savutika ndi chiletso chotero. Wovutika ndi wa ku Chawama amene chuma chake chonse ndi madola 50.

Pakali pano chimene chasunga mtendere ndi chakuti kwacha ya Zambia imayandama. Mtengo wa kubanki, wa kubyuro ndi wa pa P2P sizitalikirana kwenikweni, ndiye foni siikuulula chinsinsi chilichonse chochititsa boma manyazi. Mu 2025 kwacha inalimbanso, mothandizidwa ndi mtengo wabwino wa kopa, amene amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja za dzikolo. Kopa akadzagwa ku London, monga anagwera mu 1975 ndi mu 2015, ndipo boma likadzayesa kugwira kwacha pamtengo umene msika ukuukana, mpata udzatseguka pakati pa mitengo iwiriyo, ndipo pamenepo ndi pamene makalata opita ku mabanki amalembedwa.

Wofuna kuona mpata wotero asapite ku Abuja. Akwere basi pa Intercity, adutse Chipata, aoloke pa Mwami. Ku Malawi, Reserve Bank inachenjeza za crypto mu 2019, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenako n'kugwiridwa cha m'ma K1,750 pa dola. Kumayambiriro kwa 2025 dola yomweyo pamsika wamseri inkagulidwa ndi ndalama zoposa kawiri pamenepo, mabanki alibe madola ogulitsa, ndipo apolisi anali kusaka osintha ndalama m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre.